Sefuliya ya buluu pa shelefu ya atsibweni

Pa shelefu ya pamwamba m'kashopu ka atsibweni anga pa Mitundu padali chinthu chimodzi chimene sichinkagulitsidwa, ngakhale mlimi abwere matumba ali tho ndi ndalama za fodya. Idali sefuliya ya buluu yopanda chogwirira, yoimikidwa cham'mbali ngati wotchi ya pakhoma, kumaso kwake kuli bowo lotchingidwa ndi kasefa ka waya ndiponso zopotokola ziwiri. Ine ndidafika pa shopu imeneyi mu 1982 ndili ndi zaka 14, dzina langa litasowa pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale. Amayi adandipereka kwa alongo awo ndi mawu ochepa chabe: "Achimwene, mwanayu manja ake sakhala chete, muoneni."

Sabata yoyamba ntchito yanga idali kusesa ndi kukoleza mbaula. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndidalephera kupirira.

"Atsibweni, sefuliya iyi idalakwa chiyani kuti muiboole chonchi?"

Adaitsitsa ndi manja awiri monga anyamulira khanda, n'kumasula chivundikiro cha kumbuyo. M'katimo mudali timabotolo tinayi tagalasi, kalikonse kosaposa chala changa cham'manja, titaimirira pa kachitsulo.

"Mphwanga, uyu ndi gogo wa mawailesi onse ukuwaona munowa. Tsiku loyamba kumva Chinyanja chikuchokera mu mphepo, chidatulukira m'menemu."

Ntchito yokonza mawailesi kuno kwathu idayambira mu sefuliya imeneyi, ndipo sefuliyayo nkhani yake idayambira ku Lusaka. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia lidatsegula nyumba youlutsira mawu kumeneko mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, kuti anthu azimva za kunkhondo kumene kudapita ana awo. Nkhondo itatha nyumbayo idakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Chinyanja chidali pakati pa zilankhulo zake, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Alick Nkhata ankaimba ndi kuulutsa mawu kumeneko. Koma wolankhula adalipo, omvera ndiwo adali osowa. Mawailesi a masiku amenewo adali zimabokosi zolemera, zambiri zofuna magetsi a m'khoma, mtengo wake woti munthu wa tikiti sangaulote n'komwe. Anthu ankaunjikana m'maholo kukamvera wailesi imodzi, ndipo ikafa, mudzi wonse unkakhala zii mpaka wina atulukire kuchokera kutauni.

Harry Franklin, amene ankatsogolera zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, adayendera makampani kufuna wina woti apange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Idavomera ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: iwo malonda awo adali mabatire, ndiye wailesi ikalowa m'nyumba, mwini nyumbayo azibwerabwera kusitolo. Pofuna chikopa cholimba koma chosadula, adatenga sefuliya ya aluminiyamu ya mainchesi 9, n'kuipaka utoto wa buluu. Idatuluka mu 1949, dzina lake Saucepan Special, mtengo mapaundi 5, batire lake mashileni 25. Batirelo lidali chimtolo chachikulu choti wailesi inkakhala pamwamba pake, ndipo linkatha maola pafupifupi 300. Mabowo onse adawatchinga ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. Amene adaganiza za sefa ameneyu ndimamuvulira chipewa mpaka lero, chifukwa pa zaka zanga zonse za ntchitoyi ndatulutsa mphemvu, nyerere ndi zisa za mavu m'mawailesi kuposa zipangizo zopsa. Peter Fraenkel, mmodzi wa ogwira ntchito pa nyumba ya ku Lusaka ija, adalemba buku la masiku amenewo mu 1959, mutu wake Wayaleshi, dzina lomwe anthu a kumeneko adapatsa chinthu chatsopanochi.

Atsibweni adapita ku Bulawayo mu 1955, nthawi ya chitaganya, monga ankachitira anyamata ambiri a kwathu. Adapeza ntchito yosesa ndi kunyamula katundu mu sitolo ina ya mawailesi. Palibe adawakhazika pansi kuti awaphunzitse. Ankasesa mochedwa dala pafupi ndi tebulo la amisiri, maso ali pa zala zawo, ndipo madzulo ankatola mavalavu otayidwa m'bini n'kukawayang'anitsitsa pa nyali. Valavu ya wailesi, ankatero, ndi babu limene ntchito yake si kuwala. M'kati mwake muli kawaya kamene kakatentha kamalavula timphamvu ta magetsi, ndiye pali kaukonde kamene kamatsekereza kapena kulola timphamvuto kuti tifike pa kachitsulo kolandira. Ukagwedeza pang'ono mphamvu ya pa kaukondeko, mphamvu yaikulu yodutsa m'botolomo imagwedezeka chimodzimodzi, ndiye kukuza mawu kumeneko. John Ambrose Fleming adapanga valavu yoyamba mu 1904, ndipo Lee de Forest ndiye adaonjezamo kaukondeko mu 1906.

Batire la sefuliya ija lidali mabatire awiri mu thumba limodzi: mbali ina ma volt 1.5 otenthetsa kawaya, mbali ina ma volt 90 okoka timphamvu tija. Phunziro loyamba limene atsibweni adaliona ndi maso ku Bulawayo lidali pamenepa. Mnyamata wina wophunzira ntchito adaterereka ndi sikuludiraiva, n'kugunditsa waya wa ma volt 90 pa mwendo wa ma volt 1.5. Mavalavu onse anayi adangoti nyezi kamodzi, basi athera pomwepo. Malipiro ake a mwezi umenewo adathera kulipira. N'chifukwa chake atsibweni, ngakhale patapita zaka makumi atatu, sankalola kuti chitsulo chilowe mu wailesi batire lili lolumikiza, pokhapokha ukupima ndi mita, ndipo nsonga za mita yawo zidali zokulungidwa ndi tepi mpaka kutsala kansonga kochepa ngati njere ya mpunga.

Ntchito ya mavalavu idali ya m'tauni. Chimene chidaitengera ku Mitundu, ku Nathenje, ku Lizulu ndi m'misika ina ya kumidzi ndi transistor. John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley adaitulukira ku Bell Labs ku America mu December 1947, ndipo wailesi yoyamba yoigwiritsa ntchito kulowa m'masitolo idali Regency TR-1 mu 1954. Posakhalitsa a ku Japan, Sony ndi anzake, adadzaza dziko ndi mawailesi olowa m'thumba. Transistor imagwira ntchito ya valavu popanda kutenthetsa kanthu, ndiye chimtolo cha ma volt 90 chija chidatha ntchito. Mabatire anayi a tochi, amene akuluakulu ankati miyala, adali okwanira. Ku Bulawayo komweko ankapanga mawailesi a Supersonic, ndipo kuno kwathu MBC itakhazikitsidwa mu 1964, kampani ya Nzeru ku Blantyre idayamba kulumikiza mawailesi oti mlimi wamba atha kugula. Ena ankabwera nawo pamapewa anthu a ku Wenela. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha a Malawi 74 ochokera kumigodi, Kamuzu adaletsa ulendowo, koma udatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba mpaka 1988. Wa ku Theba ukamuona akutsika basi, sutukesi kudzanja ili, kudzanja linalo gumbagumba. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi mu fumbi ndi mu utsi wa kukhitchini, gumbagumbayo inkafika pa tebulo lathu.

Tebulolo ndikulikumbukira ngati ndalisiya dzulo. Magetsi tidalibe. Chowotcherera chathu chidali chitsulo chamutu wa mkuwa wosongoka, chogwirira chake chamtengo, ndipo chinkakhala pa makala a mbaula. Kudziwa kuti chatentha mokwanira kudali kuchigunditsa pa utomoni wa paini: utomoni ukasungunuka n'kutulutsa kautsi koyera konunkhira, chafika, ukapsa n'kuda bii, chapyola, dikira. Mtovu wowotcherera, umene uli magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu weniweni, umasungunuka pa madigiri pafupifupi 190. Atsibweni ankandigwira dzanja: tenthetsa mwendo wa chipangizo ndi njira ya mkuwa ya pa bolodi zonse pamodzi, mtovu uugunditse pa zimene watenthetsazo osati pa chowotcherera, uwerenge mpaka katatu, chotsa. Malo owotcherera bwino amawala ndipo amakwera mwendo ngati kachulu. Akatuwa n'kukhala ngati ndowe ya mbuzi yongokhala pamwamba, ndiye dry joint imeneyo, ndipo wailesi idzabwerera mwini wake akunena kuti imalankhula akaimenya khofi. Ma transistor a masiku amenewo ambiri adali a germanium, monga OC71, AC128 ndi 2SB56, osapirira moto. Unkayenera kutsina mwendo wake ndi pulayasi pakati pa chowotcherera ndi thupi lake kuti kutentha kuthawire mu pulayasimo.

Koma chimene ndidatenga kwa atsibweni choposa kuwotcherera ndi dongosolo lofufuzira matenda. Wailesi ikafika, iwo sankafulumira kuimasula.

"Bambo, idayamba bwanji? Idagwa? Idanyowa? Alipo wina waitsegulapo kale?"

Funso lomalizali anthu ankaliyankha maso ali pansi. Akamva zonse, ankayambira ku mabatire, ndipo kawirikawiri nkhani inkathera pomwepo. Anthu ankayanika mabatire padzuwa ndi kuwatswanya ndi mwala kuti awonjezeko masiku, ndiye ankatuluka madzi n'kudya masipuling'i. Kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, wailesi yadzuka. Batire ankalipima wailesi ili yoyatsa, chifukwa batire lofooka limaonetsa mphamvu likakhala lokha, koma likasenza katundu limagwada. Kuchoka apo, swichi. Kenako sipika: kugunditsa batire limodzi la ma volt 1.5 pa mawaya ake, ikati kho kho ndiye kuti ili moyo. Kabowo ka zomvera m'khutu nako kadanamiza amisiri ambiri, poti kali ndi kaswichi m'kati kamene kakachita dzimbiri kamadula sipika.

Zikakanika zonsezo, ankanyambita chala n'kukhudza mwendo wapakati wa voliyumu. Sipika ikalira kuti huuu, ndiye kuti mbali yokuza mawu ili bwino, vuto lili kutsogolo kumene wailesi imagwirira siteshoni. Ikangoti duu, vuto lili kumbuyo. Chala chimodzi chagawa wailesi pakati, ndipo theka la ntchito latha. Izi n'zochita pa wailesi ya mabatire yokha. Ya magetsi a m'khoma chala sichilowamo. Apa m'pamene inkatuluka mita yawo ya Avo, yakuda, yolemera ngati njerwa, yomwe adabwera nayo kuchokera ku Bulawayo. Mtundu wa mita umenewu adauyambitsa ndi Donald Macadie, injiniya wa ku positi ofesi ya ku Britain, m'zaka za m'ma 1920, atatopa ndi kunyamula mamita ambirimbiri. Atsibweni ankaisunga m'nsalu ngati Baibulo. Transistor yamoyo ya germanium imaonetsa ma volt 0.2 kapena 0.3 pakati pa base ndi emitter, ya silicon 0.6 kapena 0.7. Ukapeza zimenezo, usaizule. Pita kwina.

Mitundu ya pa resistor adandiphunzitsa ndi mikanda. Adatunga mikanda khumi pa ulusi n'kuipachika pa msomali: wakuda 0, wabulauni 1, wofiira 2, wa olenji 3, wachikasu 4, wobiriwira 5, wabuluu 6, wa pepo 7, wotuwa 8, woyera 9. Mizere iwiri yoyamba ndi manambala, wachitatu ukukuuza kuchuluka kwa maziro. M'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ankathira ma resistor ozula m'mawailesi akufa pa mbale, ine n'kumatchula. Wachikasu, wa pepo, wofiira: 4,700. Wabulauni, wakuda, wa olenji: 10,000. Mwezi usanathe ndinkawerenga osaganiza, monga mayi wa pamsika awerengera chenji. Mbale imeneyi ndiyo idali sitolo yathu ya zipangizo. Wailesi imene mwini wake waitaya mtima tinkaigula ndi tambala zochepa, kapena ankangotisiyira, ndipo madzulo ntchito yanga idali kuisasula chipangizo chimodzichimodzi, kupima chilichonse, n'kuika m'timabokosi ta machesi tolembedwa kunja. Sukulu yanga ya ntchitoyi idali imeneyo.

M'chaka changa chachiwiri ndidapalamula mlandu umene sindidzauiwala. Atsibweni adali atapita ku Lilongwe kukagula mtovu. Kudabwera agogo ena aakazi, wailesi ataimanga m'chitenje ngati mwana. Inkalankhula motsika kwambiri. Mwana wawo adali ku Theba, ndipo iwo sankagona asanamve mauthenga achisoni pa MBC, kuopa kuti angaphonye uthenga wa wachibale.

"Mdzukulu wanga, ingoikweza mawu. Makutu angawa akalamba."

Nditatsegula ndidaona timabokosi tinayi tachitsulo, pamwamba pa kalikonse pali kamutu konga sikuluwu: kofiira, kachikasu, koyera ndi kakuda. Ndidaganiza kuti tamasuka. Ndidatimanga tonse mpaka pansi, ndipo kachikasu kadati khwe, kusweka m'kati. Wailesi imene inkalankhula motsika idangoti zii.

Atsibweni atabwera sadandikalipire pamaso pa agogowo. Adawapepesa, n'kuwabwereka wailesi yawo ya kunyumba kuti akayambe amvera. Agogowo atapita, adandikhazika pansi. Timabokosi timeneti, adatero, si zomangira. M'kati mwake muli koilo ndi kamtima ka ferrite, ndipo ku fakitale adatitchera kuti tizilola mafunde a mtundu umodzi okha. Wailesi ya mtundu umenewu, imene Edwin Armstrong adaitulukira cha mu 1918, imatenga siteshoni iliyonse imene wasankha n'kuisandutsa mafunde a muyeso umodzi, kawirikawiri 455 kHz, kenako n'kuwadutsitsa m'zipata zitatu: chachikasu, choyera ndi chakuda. Kofiira kaja ndiko kamathandiza kusandutsako. Ukapotokola chipata chimodzi, mawu amachepa. Ukapotokola zonse, palibe chodutsa. Adazula kachikasu m'wailesi ina yakufa, ndipo mausiku awiri tidakhala pa nyali ya koloboyi, iwo akupotokola pang'onopang'ono ndi kamtengo ka nsungwi kosongola, khutu lili pa sipika, kufunafuna pamene mawu akwera. Ankagwiritsa ntchito nsungwi chifukwa chitsulo chikayandikira koilo chimasokoneza muyeso, komanso chimaswa ferrite. Matenda enieni a wailesiyo adapezeka kuti adali capacitor imodzi youma ya pafupi ndi sipika, ya tambala zochepa. Usiku wachiwiriwo, tambala wa MBC atatsala pang'ono kulira, adangonena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kuzimitsa nyali. Kuyambira tsiku limenelo sindikhudza chopotokola chilichonse m'kati mwa wailesi ndisanadziwe ntchito yake, ndipo ndikafuna kuchisuntha ndimayamba ndalemba ndi pensulo pamene chidali.

Ma capacitor ouma amenewa ndiwo matenda a ukalamba a chipangizo chilichonse. Aja ooneka ngati timigolo ali ndi madzi m'kati, ndipo kutentha kwa kuno kwathu kumawaumitsa. Wailesi ikamalira ngati njinga yamoto, phuphuphu, kapena mawu akamamveka ngati munthu wa chimfine, kayang'aneni kumeneko. Ali ndi mwendo wa pulasi ndi wa mainasi, ndipo mzere wa m'mbali umaloza mainasi. Mukaika chozondoka imatupa n'kuphulika. Nambala ya ma volt yolembedwa pa thupi lake musaitsitse: pochotsa ya 16 muikepo ya 16 kapena ya 25, osati ya 10.

Chaka cha 1992 ntchito yathu idasintha nkhope. Kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, anthu amene zaka zonse ankakhutira ndi Kapalepale ndi Tadzuka Sitidziwa Anzathu adayamba kubwera ndi pempho lina, akulankhula motsitsa mawu: "Amisiri, tandikonzerani SW." Ankafuna BBC ndi Channel Africa ya ku Johannesburg, imene inkaulutsa m'Chinyanja. Maswichi osinthira bandi amene adakhala zaka osasunthidwa adali atachita dzimbiri, ndipo tidawatsuka ambirimbiri ndi sipiriti. Tinkawauza kuti amange waya wautali pa eliyo n'kuuponya pa mtengo wa mango, ndiponso kuti usiku mabandi a mamita 49 ndi 90 ndiwo amagwira bwino, masana asakesake ku 25 ndi 19. Poyesa wailesi yotere atsibweni ankatseka chitseko ndi kutsitsa voliyumu, poti masiku amenewo sunkadziwa kuti waima pakhondepo ndani. Mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994, mbaula yathu siinkazima. Ndimakhulupirira kuti amisiri a mawailesi a m'misika adathandiza dziko lino kumva zimene zinkachitika m'dziko lawo lomwe, ngakhale palibe adzawalembe pa chipilala.

Nthawi yomweyo ntchitoyo idali itayamba kutiterereka m'manja. Jack Kilby adapanga IC yoyamba mu 1958, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 idali itafika pa tebulo lathu: kachikumbu kakuda ka miyendo yambiri, m'kati mwake muli ma transistor osaoneka ndi maso. Poyamba sizidali zoipa. TBA810 kapena LA4440 ikapsa unkaizula n'kuika ina, ndipo maampulifaya a m'mabala ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo adatidyetsa zaka zingapo. Koma kudabwera mawailesi otchipa amene ubongo wake wonse ndi kadontho kakuda kophikidwa pa bolodi, kopanda nambala, kosazulika. Mtengo wokonzetsa udafanana ndi mtengo wogula ina. Atsibweni ankati akatsegula yotere, ankaiyang'ana nthawi yaitali n'kuibwezera mwini wake osalipiritsa. Chinkawapweteka si ndalama ayi, koma kuti m'katimo mudalibenso choti munthu n'kuchitsata ndi chala kuchokera ku eliyo mpaka ku sipika. Mafoni a m'manja atafika, kuyambira 1995, anyamata ambiri adasamukira kumeneko, ndipo sindiwanyoza: kuwotcherera chipangizo chochepa ngati njere ya mchenga kumafuna dzanja losanjenjemera. Koma ndaona ambiri akusintha bolodi yonse osadziwa chimene chidafa.

Nkhani ya William Kamkwamba itamveka, anthu ambiri adaona makina amphepo amene adamanga kwawo ku Wimbe ku Kasungu mu 2002. Ine chidandigwira mtima ndi chiyambi chake. Asanapeze buku la Using Energy mu laibulale ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, iye ndi msuweni wake ankasasula mawailesi akufa kuti aone chimene chipangizo chilichonse chimachita, akutola mabatire otayidwa ndi kuwotcherera ndi waya wotenthetsa pa moto wa kukhitchini. Ndi sukulu yomwe ija ya mbale ndi timabokosi ta machesi. Mwana amene adabadwa mu 1987 adadutsa njira imene atsibweni adadutsa mu 1955.

Masiku ano ndimakonza kwambiri zounikira za sola, ma inverter ndi masipika a m'matchalitchi. Loweruka masana kumabwera ana atatu kapena anayi a pafupi, ena atanyamula zimene aona pa intaneti, akufuna kuyamba ndi zazikulu. Ine ndimawapatsa wailesi yakale yakufa, mita ndi mbale. Akatha kusasula ndi kupima, ndimawapatsa LED imodzi yofiira ndi batire la ma volt 12, koma ndisanawalole kulumikiza timayamba tawerengera pansi ndi kamtengo. LED yofiira imatenga ma volt 2, otsala ndi 10. Tikufuna kuti mudutse ma milliamp 10. Lamulo limene Georg Ohm adalilemba mu 1827 likuti tigawe ma volt ndi mphamvu yodutsayo, ndiye 10 kugawa ndi 0.01 tipeza ma ohm 1,000. Mwana amapita pa mbale kukasaka wabulauni, wakuda, wofiira. Ikayaka, nkhope yake imayakanso. Amene wathamangira kulumikiza popanda resistor amaona kuwala kamodzi kokha, ngati mavalavu a ku Bulawayo aja.

Ndimawachenjezanso za miyendo ya transistor, poti apa pagwa ambiri. BC547 ndi C945 zimaoneka ngati mapasa ndipo ntchito yake ndi yofanana, koma mukaziyang'ana kumaso kwafulati miyendo italoza pansi, BC547 imayamba collector, base, emitter, pamene C945 imayamba emitter, collector, base. Zipangizo za ku Japan zimasiya "2S" polemba, ndiye C945 ndi 2SC945. Mwa za ku Japan zimenezi, zoyamba ndi A kapena B ndi PNP, zoyamba ndi C kapena D ndi NPN. Ndipo pali lamulo limene sindikambirana ndi mwana aliyense: chaka choyamba chonse ndi cha mabatire okha. Magetsi a m'khoma ndi ma volt 230, ndipo capacitor yaikulu ya mu tchaja, mu inverter kapena mu TV imasunga mphamvu yoposa ma volt 300 ngakhale mutazula pulagi. Ndidapitako ku maliro a mmisiri mnzanga amene adaiwala zimenezi tsiku limodzi lokha.

Atsibweni adatisiya mu 2003. Mita ya Avo ndi sefuliya ya buluu ija adanena okha kuti zibwere kwa ine. Chaka chatha mtsikana wina wa Fomu 2, amene amafunsa mafunso kuposa anzake onse, adaiona pa shelefu.

"Agogo, imeneyi ingalankhulenso?"

Tidaitsitsa. Batire lake lidasiya kupangidwa kalekale, koma iye yekha adawerengera kuti mabatire khumi a ma volt 9 olumikizidwa mondondozana apereka 90, ndipo limodzi la tochi litenthetsa mawaya. Tisanalumikize kanthu ndidamuuza kuti azule mavalavu mmodzimmodzi, akugwira pansi osati pagalasi, apime kawaya kotenthetsa ka iliyonse. Yoyamba muvi wa mita udayenda. Yachiwiri udayenda. Yachitatu udayenda. Yachinayi, ya kufupi ndi sipika, muvi udangokhala pomwepo. Adapimanso kachiwiri, atapala miyendo yake ndi lezala, koma ayi ndithu.

Adakopera nambala ya pa galasilo pa kapepala, ndipo kapepalako kali m'thumba la malaya anga. Aliyense wopita ku Johannesburg kapena ku Bulawayo amene wadutsa pa shopu pano ndimamulembera pake.